Kusankha ndi Kukonza Kaliridwe ka Snare pa Ng'oma Zamagetsi

Munthu akangopeza ng'oma zamagetsi, kapena akapatsidwa udindo woziimba kutchalitchi kapena m'gulu la oimba, kawirikawiri amathamangira ku mndandanda wa maliridwe omwe ali mu module, kabokosi kaja kamene kamasunga mawu a ng'oma zonse. Amamenya kamodzi n'kusintha, kumenyanso n'kusinthanso, ndipo akamafika pa snare ya makumi atatu (snare ndi ng'oma yothetheka ija yokhala ndi mawaya pansi pake) khutu limakhala litatopa moti sathanso kusiyanitsa yomukomera ndi yosamukomera. Langizo langa ndi lakuti mndandandawo muyambe mwausiya. Madandaulo ambiri amene ndamva okhudza snare, akuti ikulira mouma, ikusowa mphamvu, kapena ikumveka ngati yoseweretsa ana, gwero lake silikhala kaliridwe kamene kasankhidwa, koma momwe padi, chomenyapo cha ng'oma yamagetsi, ikumvera dzanja la woimba. Mukayamba mwakonza zimenezo, ngakhale module yotsika mtengo imatulutsa snare yoti anthu n'kuvina nayo.

Kuti zimene zikutsatirazi zimveke, ndi bwino kudziwa chimene chimachitika kamtengo kakagunda padi. Pansi pa chikopa pali kachipangizo kotchedwa piezo, kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa chikopacho kukhala mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri. Module imayeza mphamvuyo n'kuipatsa nambala, kuyambira pa 1 pomwe mwangokhudza mpaka pa 127 pomwe mwamenya ndi mphamvu zonse, ndipo nambalayo ndi imene imasankha kukula ndi mtundu wa mawu otuluka. Padi ya snare yabwino imakhala ndi piezo inanso ya pamkombero, kotero kuti kumenya pakati pa chikopa, kumenya chikopa ndi mkombero nthawi imodzi komwe oimba amati rimshot, ndi kugoneka kamtengo pachikopa n'kugogoda mkombero komwe amati cross-stick, zonse zitatu zimalira mosiyana. Snare ndiyo ng'oma imene dzanja limalankhulirapo kwambiri pa ng'oma zonse, ndipo n'chifukwa chake vuto laling'ono la kamvedwe ka padi limaonekera msanga pa iyo kusiyana ndi pa tom, ng'oma yopanda mawaya ija, kapena pa ng'oma ya phazi.

Yambani ndi padi yeniyeniyo, module isanayatsidwe n'komwe. Ngati chikopa chake ndi chaukonde, mtundu umene kampani ya Roland inautchukitsa kuyambira mu 1997 itatulutsa V-Drums mogwirizana ndi kampani yopanga zikopa ya Remo, tengani kiyi wa ng'oma ndipo muchikunge mofanana mbali zonse, mukumanga bawuti imodzi pang'ono kenaka yoyang'anana nayo, osati kutsata mozungulira. Kukunga kumeneku sikusintha kukwera kapena kutsika kwa mawu monga zimakhalira pa ng'oma yachikopa chenicheni. Chimene kumasintha ndi momwe kamtengo kamabwererera m'dzanja ndiponso momwe piezo ikumvera. Chikopa cholobodoka chimachititsa kuti kumenya kumodzi kumveke kawiri, ndipo chimaononga kasiponji kamene kamalumikiza chikopa ndi piezo, chifukwa kamtengo kamakafinya mwachindunji. Onetsetsaninso kuti nsonga za timitengo tanu n'zosalala, pakuti nsonga yothetheka imadula ukonde. Pomaliza yang'anani chingwe: padi ya mbali ziwiri imafuna chingwe chokhala ndi timizere tiwiri takuda kunsonga kwake, ndipo mukaikapo chingwe cha gitala, chomwe chili ndi kamzere kamodzi, mkombero sudzalira ngakhale mutasintha chilichonse mu module.

Mukayatsa module, lowani m'gawo la trigger, lomwe limayang'anira momwe module imamvera mapadi, ndipo mutsimikize kuti dzina la padi lomwe lasankhidwa ndi la padi imene muli nayodi. Anthu ambiri amene amagula ng'oma zogwiritsidwapo kale ntchito, kapena kuphatikiza padi ya kampani ina ndi module ya kampani ina, amalumpha pamenepa, n'kumavutika ndi zinthu zimene batani limodzi likanathetsa.

Tsopano pakubwera sensitivity, miyeso ya momwe padi imamvera mphamvu ya dzanja, yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo yofunika kuposa zonse. Module zambiri zimaonetsa kamzere kapena nambala nthawi iliyonse mwamenya. Menyani monga momwe mumamenyera pamene nyimbo yafika pachimake, osati mwamanyazi ngati mukuopa kudzutsa anansi, ndipo musinthe sensitivity mpaka kumenya kwamphamvu kotereku kokha ndiko kukufika pa 127. Ngati kumenya wamba kukufika kale pamenepo, ndiye kuti sensitivity yakwera kwambiri, ndipo chilichonse chimene mungaimbe chidzamveka pamlingo umodzi, popanda kunong'ona kapena kukuwa. Ngati simukufikako ngakhale mutalimbikira, mudzatopetsa mkono pachabe ndipo simudzamva mawu okoma kwambiri a snare, chifukwa opanga amasunga kulira kotseguka kwa ng'omayo m'manambala apamwamba. Dziwaninso kuti mapadi ena ali ndi piezo pakatikati penipeni, moti kamtengo kakagwera pamwamba pake mawu amalumpha mwadzidzidzi. Zikatero, kungani chikopa pang'ono, tsitsani sensitivity, ndipo zolowerani kumenya pambali pang'ono pa pakati.

Threshold ndi malire a pansi: kugunda kulikonse kosafika pamalirewo module imakunyalanyaza. Ntchito yake ndi kuletsa snare kulira yokha pamene mwaponda ng'oma ya phazi kapena pamene masipika akugwedeza nsanja. Koma malirewa akakwera kwambiri amameza tizigundo tofewa tija totchedwa ghost notes, tomwe dzanja lamanzere limawaza pakati pa zigundo zikuluzikulu. Ndinaimbapo m'tchalitchi china momwe aliyense ankadandaula kuti ng'omazo n'zouma, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti wina anakweza threshold pofuna kuthana ndi kugwedera kwa chimango chomwe mabawuti ake anali atamasuka. Titamanga chimangocho n'kutsitsa malirewo, tizigundo tofewa tinabwerera ndipo oimba makwaya anaganiza kuti tasintha snare, pomwe kaliridwe kanali komweko. Njira yake ndi iyi: tsitsani threshold mpaka snare iyambe kulira yokha mukaponda ng'oma ya phazi, kenaka ikwezeni pang'onopang'ono mpaka italeka, ndipo muimire pomwepo.

Pali zina zingapo zimene muyenera kuzikhudza pokhapokha vuto litaoneka. Curve imasintha mgwirizano wa mphamvu ya dzanja ndi kukula kwa mawu. Yambani ndi yotchedwa linear, ndipo ngati muli ndi dzanja lopepuka yesani log, imene imakweza zigundo zofewa, pomwe wadzanja lolemera angapindule ndi exp. Retrigger cancel ndi mask time zimaletsa kumenya kumodzi kumveka kawiri, koma mukazikweza kwambiri zimadula zigundo zina pamene mukugudubuza timitengo mofulumira, choncho mukasintha yesani nthawi yomweyo ndi roll. Crosstalk cancel imathandiza ngati snare ikulira mukamenya tom yoyandikana nayo, ngakhale kuti mankhwala abwino kwambiri ndi kuika snare pa choimikira chakechake m'malo moimangirira pachimango chimodzi ndi zinzake. Za mkombero zokha ndiye musazisiye: sinthani rim gain, yomwe ndi sensitivity ya mkombero, mpaka rimshot ikhale yokulirapo pang'ono kuposa kumenya kwa pakati, ndipo muyese cross-stick kangapo kuti mutsimikize kuti module sikuisokoneza ndi rimshot. Woimba reggae, amene m'kaimbidwe ka one drop amadalira cross-stick pachigundo chachitatu pamodzi ndi ng'oma ya phazi, ayenera kukhalapo nthawi yaitali pamenepa, chifukwa kulakwitsa kumodzi kwa module kumamveka ngati mfuti pakati pa nyimbo yofatsa.

Padi ikayamba kumvera dzanja, mutha kutsegula mndandanda uja. Mayina ambiri m'menemo amafotokoza snare zenizeni zimene zinajambulidwa, ndipo kudziwa tanthauzo lake kumakupulumutsani ku kuyendayenda kopanda cholinga. Snare yodziwika kwambiri imakhala ya mainchesi 14 m'mimba mwake ndi mainchesi 5 kapena 5.5 kuya kwake, ndipo imakwanira pafupifupi nyimbo iliyonse. Ya mainchesi 6.5 kapena 8 kuya imalira monenepa ndi motsika. Yotchedwa piccolo, yomwe kuya kwake ndi mainchesi atatu kapena atatu ndi theka, imalira mothetheka ndi mokwera, ndipo mawu ake sachedwa kutha. Thupi la mtengo wa maple limapereka mawu ofunda, la birch limamveka lakuthwa pang'ono, lachitsulo limawala ndipo limalira kwa nthawi yaitali, la brass limaphatikiza kuwala ndi kunenepa, pomwe la aluminiyamu limakhala louma ndi laukhondo, n'chifukwa chake ojambula nyimbo akhala akukonda snare ya Ludwig Supraphonic kwa zaka zambiri. Kumapeto kwa mndandanda mumapezeka mawu a makina, monga a Roland TR-808 ya mu 1980 ndi TR-909 ya mu 1983, omwe sayesa n'komwe kufanana ndi ng'oma yachikopa ndipo ali ndi malo awoawo m'nyimbo za achinyamata.

Posankha, ganizirani za nyimbo zimene mudzaimbe Lamlungu likubwerali kapena pa phwando lotsatira, osati za snare imene ikukoma ili yokha. Nyimbo zotamanda zothamanga, zokhala ndi makiyibodi awiri, magitala ndi kwaya yaikulu, zimafuna snare yokungika ndi yothetheka imene ingadutse pakati pa mawu onsewo popanda kukwezedwa kwambiri. Nyimbo zopembedza zofatsa zimakoma ndi snare yakuya, yotsika, yosalira kwa nthawi yaitali. Reggae imakonda snare yokwera, imene rimshot yake imalira mwachitsulo poyambitsa nyimbo. Sankhani zitatu kapena zinayi zokha zoti mupikisanitse, ndipo iliyonse muiyese mofanana: zigundo zofewa kwambiri, zigundo zapakati, rimshot, cross-stick, kenaka roll yoyamba pansi n'kumakula. Roll imeneyi ndiyo imaulula chilungamo. Ngati zigundo zotsatizana zikumveka zofanana ndendende ngati makina osokera, ndiye kuti kaliridweko kanajambulidwa ndi zitsanzo zochepa, ndipo kadzakutopetsani ngakhale chigundo chake chimodzi chikhale chokoma motani. Mukatha apo, imbani motsatira nyimbo yojambulidwa kudzera pa khomo la mix in kapena Bluetooth, chifukwa snare yambiri yomveka yonenepa payokha imasowa gitala ya besi ikangolowa.

Kukonza kaliridwe kamene mwasankha n'kofanana ndi zimene oimba ng'oma za kumudzi akhala akuchita kuyambira kale. Iwo amawamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike ndi kulira mokwera, ndipo amamata phula pakati pake kuti mawu atsike ndi kulemera. Mu module, kuwamba kuja ndi tuning, ndipo muffling imagwira ntchito yoyandikana ndi ya phula, pochepetsa kulira kotsalira pambuyo pa chigundo. Pa tuning musapite kutali. Module zambiri zimakweza kapena kutsitsa mawu pofulumizitsa kapena kuchedwetsa chitsanzo chojambulidwa, moti mukakweza kwambiri snare imasanduka yopyapyala ndi yaifupi, ndipo mukatsitsa kwambiri imamveka yamatope. Ngati mukufunika kusuntha kwambiri kuti mufike pomwe mukufuna, bwererani ku mndandanda mukatenge ina imene ili kale pafupi ndi pamenepo. Pa muffling ndiye ndimaona kulakwitsa kochuluka, pakuti m'mahedifoni kulira kotsalira kuja kumakwiyitsa ndipo munthu amafuna kukuchotseratu. Komatu kulira kumeneko ndi kumene kumathandiza snare kukhala ndi thupi pamene gulu lonse likuimba. Chotsani theka la zimene khutu likukuuzani, kenaka mukamve ndi anzanu. Ngati module yanu ili ndi strainer, imene imayerekeza kumanga kapena kumasula mawaya a pansi pa snare, dziwani kuti mawaya omangika amapereka chigundo chachifupi choyenera nyimbo zothamanga, ndipo omasuka pang'ono amasiya kamchira ka phokoso kokomera nyimbo zofatsa.

EQ, imene imakweza kapena kutsitsa magawo a mawu payekhapayekha, imagwira bwino ntchito mukadziwa pomwe mbali iliyonse ya mawu a snare imakhala. Thupi lake, kugunda kumene mumakumva pachifuwa, kuli cha pa 200 Hz. Pakati pa 400 ndi 800 Hz ndi pomwe pamakhala kamvekedwe ka katoni kapena kulira kosautsa. Kuthetheka kwa kamtengo kuli pakati pa 2 ndi 5 kHz, ndipo phokoso la mawaya lili pamwamba pa 6 kHz. Yambani ndi kuchotsa chimene chikukuipirani musanaonjezere chimene mukuchifuna, ndipo musunthe ndi madesibelo awiri kapena atatu okha nthawi imodzi. Kuti mupeze pomwe pali vuto, kwezani kagawo kopapatiza n'kukayendetsa pang'onopang'ono uku mukumenya, ndipo pomwe kuipako kwafika poipitsitsa ndi pomwe muyenera kutsitsa. Compressor, imene imafinya mawu akakula kupitirira malire, ingathandize kuti zigundo zikuluzikulu zikhale zolingana, ndipo poyambira pabwino ndi ratio ya 4:1 ndi attack ya mamilisekondi 10 mpaka 30, kuti kuthetheka koyamba kudutse compressor isanagwire. Komabe kumbukirani kuti maliridwe ambiri a mu module anakonzedwa kale ndi opanga, ndipo kuwafinyanso kwambiri kumabweza vuto lija tinathetsa pa sensitivity, loti zigundo zonse zikhale pamlingo umodzi.

Reverb, yoyerekeza kubweza mawu kwa chipinda, ndi imene imanyenga anthu ambiri, ndipo pano ndikufuna ndichedwepo. Makiti, omwe ndi magulu a maliridwe a ng'oma zonse obwera ndi module, amakonzedwa kuti akope wogula amene wavala mahedifoni m'sitolo, choncho amathiridwa ambience ndi reverb yochuluka kuti munthu amve ngati ali m'holo yaikulu. M'mahedifoni zimenezi n'zofunikadi, chifukwa snare yopanda chipinda chilichonse imamveka ngati ili m'kati mwa mutu ndipo imatopetsa. Koma matchalitchi ndi maholo ambiri kwathu kuno ali ndi makoma a njerwa, pansi pa simenti ndi denga la malata lopanda siling'i, ndipo nyumba yotere imabweza mawu yokha mokwanira, nthawi zina mopitirira. Mukaonjezera reverb ya module pamwamba pa kubweza kwa nyumbayo, snare imabwerera kumbuyo, chigundo chake chimasungunuka, ndipo kwaya imayamba kutsalira chifukwa sikumva bwino pomwe chigundo chagwera. M'malo otere zimitsani reverb yonse poyamba, pemphani mnzanu amenye inu mutaima kumbuyo kwa nyumbayo, ndipo muonjezere pang'ono pokhapokha mutamva kuti ikufunikadi. Pabwalo lapanja, pomwe palibe khoma lobweza mawu, reverb yaifupi ya mtundu wa room kapena plate imathandiza. Ngati module yanu ili ndi makomo otulutsira mawu apadera, tumizani snare payokha ku mikisa kuti woyendetsa zokuzira mawu athe kuikonza popanda kukhudza ng'oma zina. Ngati mukutuluka ndi chingwe chimodzi chokha, gwiritsani ntchito khomo lolembedwa L/MONO ndipo muike snare pakati, osati kumanzere kapena kumanja.

Module zapakati ndi zapamwamba zimalola kusanjikiza maliridwe awiri pa padi imodzi. Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yotenga snare yachilengedwe ngati maziko, n'kuikapo kuomba m'manja kwa TR-808 kapena snare yotsika kwambiri ngati chophatikizira, koma chokonzedwa kuti chizilowa pokhapokha mwamenya mwamphamvu, mwachitsanzo kuyambira pa 100 kupita m'mwamba. Mukatero tizigundo tofewa timakhalabe tachilengedwe, pomwe zigundo zikuluzikulu zimapeza kulemera koonjezera. Chophatikiziracho chikhale chotsikirapo, choti munthu azindikire kuti chinalipo pokhapokha mwachichotsa. Module ngati Roland TD-17 imalandiranso mawu anuanu kudzera pa khadi la SD, m'mafayilo a WAV a 44.1 kHz. Musanawalowetse, dulani kachetechete kalikonse koyambirira kwa fayilo, chifukwa ngakhale mamilisekondi ochepa amachititsa kuti mawu achedwe kutsatira dzanja. Dziwaninso kuti fayilo imodzi ndi chigundo chimodzi chokha, chimene chidzangokula ndi kuchepa popanda kusintha mtundu, n'chifukwa chake mawu otere amakoma ngati chophatikizira kusiyana ndi kukhala snare yeniyeni yoimbira nyimbo yonse.

Amene ali ndi kompyuta angathe kulumikiza module ndi chingwe cha USB n'kugwiritsa ntchito mapulogalamu monga Superior Drummer ndi EZdrummer a kampani ya Toontrack, kapena Addictive Drums ya XLN Audio, omwe snare zake zinajambulidwa ndi zitsanzo zambirimbiri pamlingo uliwonse. Zonse zimene mwakonza m'gawo la trigger zimagwirabe ntchito, popeza module ndi imene imatumiza manambala aja. Onetsetsani kuti manambala a MIDI, omwe amauza pulogalamu mbali imene yamenyedwa, akugwirizana: pa module zambiri chikopa cha snare ndi 38, mkombero ndi 40 ndipo cross-stick ndi 37, ndipo mapulogalamu ambiri ali kale ndi mapu a Roland, Yamaha ndi Alesis oti mungosankha. Ikani buffer, kukula kwa kagawo ka mawu kamene kompyuta imakonza nthawi imodzi, pa 64 kapena 128 kuti kuchedwa kwa mawu kusapitirire mamilisekondi 10, pakuti kupyola pamenepo dzanja limayamba kumva kuti ng'oma ikutsalira. Pojambula nyimbo njira imeneyi ndi yabwino kwambiri, koma poimba pagulu ine ndimakonda kudalira module yokha, chifukwa magetsi akathima n'kuyakanso imakhala yokonzeka m'masekondi ochepa pomwe kompyuta ndi zolumikizira zake zimafuna nthawi.

Musamakonze kiti yobwera ndi module mwachindunji. Ikopereni pamalo opanda kanthu, ipatseni dzina lomveka, ndipo muzisintha chinthu chimodzi nthawi imodzi uku mukubwerera ku yoyambirira ija kuti mufanizire, mutalinganiza kukula kwa mawu a ziwirizo, chifukwa khutu nthawi zonse limakondera imene ikumveka mokweza. Pakatha mphindi 20 pumulani, ndipo chigamulo chomaliza muchipange tsiku lotsatira. Ine ndimasunga makiti atatu a snare imodzimodziyo: yoyamba ya mahedifoni pophunzira kunyumba, yachiwiri youma ya m'tchalitchi, ndi yachitatu yokhala ndi reverb yochepa ya panja. Pa ng'oma zimene anthu angapo amasinthana, gwirizanani kuti gawo la trigger asalikhudze wina aliyense popanda kuuza anzake, popeza pa module zambiri gawoli ndi limodzi la makiti onse, ndipo kusintha kwa munthu mmodzi kumakhudza aliyense. Mukamaliza, sungani zonse pa khadi la SD kapena pa kompyuta, ndipo manambala a sensitivity, threshold ndi rim gain muwalembenso m'kope lomwe lizikhala m'chikwama cha timitengo, kuti tsiku limene module idzabwezeredwe ku chiyambi mwangozi mudzathe kuikonzanso mapemphero asanayambe.